Okumba ku Msipu wa Nkhosa

"Fosholo ilibe miyendo, Edna!"

"Funsani mutu wanuwo, nkhalamba inu. Si dzana munasakasaka magalasi ali pamphuno?"

Gemma ankamva zonsezi pakhoma lopyapyala lomulekanitsa ndi banja la a Tebbutt, koma sanaseke. Chimangidwire nyumba zatsopano kumunsi kwa mudzi, khomalo linkangochucha madzi, ndipo mwana wake Alfie ankatsokomola usiku wonse, mankhwala osaphula kanthu.

Usiku umenewo, akuyamwitsa, anamva kukumba. Khwee, thi! Khwee, thi! Phokosolo linkachokera kumsipu wa nkhosa kuseri kwa nyumba, kumene timilu taudzu timasonyeza malo a mudzi wakale umene unatha ndi mliri zaka mazana asanu ndi limodzi zapitazo. Kumeneko boma sililola munthu kukumba. Anasuzumira pawindo, koma kunali mdima wa ndiweyani, popanda ngakhale kanyali.

Kusitolo anthu ankanong'onezana kuti eni nthaka, akufa a m'mudzi wakalewo, atopa kupondedwa ndi nyumba za alendo.

Usiku wachiwiri kukumbako kunasendera kumpanda. Wachitatu chitsulo sichinamveke, koma kukhuluzika kwa chinthu cholemera, pang'onopang'ono, ngati anthu ambiri akukoka mogwirizana, ndipo nkhosa zonse zinangoti zii. Gemma anamufungatira mwanayo mpaka mbandakucha.

Kutacha anamva madzi akuyenda kunja kwa mpanda, m'ngalande ya miyala imene anali asanaionepo. M'matope munali mapazi a jombo zazing'ono, lamanzere lokhwekhwereza. Mayendedwe amenewo ankawadziwa.

Anawapeza mwini mapaziwo, mayi Edna Tebbutt, akukazinga mazira.

"Tsitsa mawu, mwanangu, angandimangitse," ananong'ona mayiwo. "Ngalandeyo anayala ndi anthu akalewo, anandionetsa ndi bambo anga. Omanga nyumba anaikwirira, madzi n'kubwerera kwa ife. Ndikanagona bwanji kamwanako kakutsokomola choncho? Khomalo liuma, uona."

Gemma anawagwira dzanja, misozi ili lengelenge. "Usiku katatu konse, mayi, ndi msana wanuwo!"

"Kawiri. Dzulo nyamakazi inandigoneka. Ndinasiya mwala pakamwa pa ngalande, woti amuna anayi sangausunthe."

"Nanga wauchotsa ndani?"

"Ungothokoza, mwanangu. Anthu akalewo nawonso anali ndi ana."

"Mukundijeda chiyani uko?" anakuwa bambo Tebbutt ali kale patebulo. "Munthu afe ndi njala m'nyumba mwake?"

"Mukafa inu ndipumula," anatero mayiwo, n'kuwaikira dzira lalikulu, n'kukhala pambali pawo.