Msomali Wopanda Chithunzi

Nthawi inali 2 koloko masana, mvula itangokata, pamene wojambula zithunzi ndi mwamuna wake anafika pa nyumba yachitatu tsiku la Khirisimasi. Kwa azakhali anali atadyako, kwa achimwene atamwako tiyi. Kunatsala kwa apongozi, kumene abale onse anasonkhana.

Ukwati wawo unali wa miyezi inayi yokha. Anakumana zaka ziwiri m'mbuyomo, mnyamatayo, wokonza magetsi, atalowa mu situdiyo ya mtsikanayo kudzajambulitsa chithunzi cha chiphaso. Anamujambula kasanu, ndipo kasanu konse anaphethira.

"Achimwene, musaphethire!"

"Nanga nditani, chemwali? Mukundithobwa m'maso ndinu, osati getsi lanulo."

Kuyambira tsiku limenelo mnyamatayo ankamutchula kuti "Diso langa."

Pa geti mwamunayo anamugwira dzanja. "Diso langa, muno muli anthu olongolola. Usatengere zonena zawo. Ine ndine wako mpaka kumanda."

Pabalaza panali podzaza. Atapereka moni kwa onse, wojambulayo anakweza maso kukhoma, monga amachitira m'nyumba iliyonse. Panali zithunzi za banja lonse, chaka ndi chaka, onse ataima pa masitepe a khonde. Kumapeto kwa mzerewo kunali msomali wopanda kanthu, ndipo m'munsi mwake penti inali yowala kuposa pena ponse.

Pakona panakhala mayi wina wachitsikana, akugwedeza mwana wa miyezi ngati khumi.

"Ameneyo ndi msuweni wakutali," anatero apongozi. "Wabwera kudzatithandiza kuphika."

Mayiyo sanadzutse mutu. Mwamuna wa wojambulayo anapatsa moni aliyense, koma pakonapo anangolambalala. Posakhalitsa foni ya wojambulayo inanjenjemera. Uthenga unachokera kwa mwamuna wake yemweyo, ali pa mpando woyang'anizana naye: "Wakongola kuposa onse muno. Tisakhalitse, 4 koloko tinyamuke."

Anamwetulira. Koma changu chonsechi n'cha chiyani, kwa mayi ake omubala?

Atatha kudya, apongozi anaomba m'manja. "Chaka chino sitiitana wojambula wakunja. Tili naye wathuwathu."

Amalume a mwamuna wake, amene anayamba botolo m'mawa, anadzambatuka. "Dikirani, akwatibwi, ndikuonetseni mmene timaimira ife. Cha chaka chatha chija chili kuti? Ndachiona kuseri kwa kabati ine!"

"Achimwene, khalani pansi!" anakuwa apongozi.

Koma amalume anali atachisolola kale. Anachipukuta ndi mkono wa jekete n'kumupatsa monyadira.

Wojambulayo anayamba wayang'ana deti pakona, monga mwa chizolowezi cha ntchito. Khirisimasi ya chaka chatha. Kenako anaona shati yobiriwira, imene iye mwini anagulira chibwenzi chake n'kumupatsa dzulo lake la tsikulo. Mwamuna wakeyo, ataivala, anali akuseka, maso ali gwa, dzanja lake lili pa mimba yaikulu ya msuweni uja.

Tsiku limenelo mwamunayo anamulembera kuti, "Magetsi azima dera lonse, ndichezera pa mapolo. Mtima wanga uli kwa iwe." Ndipo iye, ali yekha mu situdiyo, anayankha kuti, "Musamale ndi mawaya, wokondedwa."

Onse pabalaza anali akumuyang'ana. Ngakhale amalume mowa unawathera.

"Diso langa, tiye panja ndikufotokozere."

"Panja tikupitadi. Mvula yakata, kuwala kuli bwino. Tiyeni nonse pa masitepe."

"Mwana wanga," anatero apongozi motsitsa mawu, "nkhani zoterezi timakambirana m'nyumba."

"Munakambirana kale, amayi, ine kulibe. Chithunzi munachotsa, koma msomali munaiwala."

Anatuluka ndi kamera yake, ndipo anthu anamutsatira chifukwa panalibe amene anadziwa chochita china. Manja ake ankaidziwa ntchito yawo.

"Amayi, pakati. Amalume, botolo pansi. Aatali kumbuyo. Inu a msuweni, musabisale kuseri kwa chitseko, bwerani kutsogolo kuno."

Mayi uja anabwera misozi ili m'maso. Podutsa pafupi naye ananong'ona, "Anandiuza kuti mukudziwa."

"Tsopano ndadziwa. Imani apo." Kenako anakweza mawu kuti onse amve. "Bambo a mwana, nyamulani mwana wanu!"

Mwamunayo anaima ngati polo. Koma mwanayo sanadikire. Anatambasula timanja, n'kugwira kolala ya bambo ake monga munthu wozolowera.

"Iwe, chonde. Ndinalakwa, koma ndinasankha iwe. Bwera udzaime pambali panga."

"Wojambula satulukamo m'chithunzi. Yang'anani kuno nonse."

Anadina kamodzi. Anayang'ana pa kamera. Onse anatuluka bwino kupatula mwamuna wake.

"Mwaphethira," anatero. "Koma lero sindibwereza."

Analowa m'nyumba kukatenga chikwama chake. Anavula mphete, n'kuikoleka pa msomali uja. Inakwana bwino lomwe.

M'basi ndi mmene analira, nkhope atalozetsa pawindo. Mayi amene anakhala naye pampando anamupatsa mpango osafunsa kanthu.

M'mawa mwake anatsegula situdiyo 8 koloko. Foni inali itadzaza. "Diso langa, popanda iwe ndili mu mdima." "Ndikulonjeza, sindidzakunamizanso." "Yankha chonde!"

Anayankha kamodzi: "Chithunzi chanu chatuluka. Mutume amalume adzatenge, msomali usakhale wopanda ntchito. Mpheteyo muichotsepo."

Anaika foni chafufumimba m'dirowa. Pakhomo panali pataima kale mphunzitsi wina wachikulire, wofuna chithunzi cha chiphaso.

"Mwatsegula lero lomwe, mwanangu? Ndimayesa mukadali ku Khirisimasi."

"Yatha, mayi. Khalani apa." Anakonza nsalu yoyera kumbuyo kwawo n'kuyatsa getsi. "Kwezani chibwano pang'ono. Yang'anani kuno."