Mphuno ya Ndege ya Ndaziona

Ndaziona Khembo anatsegula chivindikiro cha injini n'kusolola chinthu chooneka ngati chisa cha njuchi. Chinali chofiira ndi fumbi, cholemera ngati njerwa. Anachiviika m'beseni la madzi n'kuchigwedeza pang'ono. Madzi anasanduka phala lofiira, koma chinthucho chinatuluka chili mbuu, tiulusi take tikudzuka tokha ngati ubweya wa pamkono wa munthu amene wamva kuzizira.

"Mwaona, Bambo Sabola?" anatero. "Yauluka chilimwe chonse chino, ndipo ikadali yatsopano."

Bambo Sabola, mkulu woyendera ndege wochokera ku likulu, anaweramira chinthucho koma sanachikhudze.

Munali m'chaka cha 2074, pa bwalo laling'ono la ndege la ku Bangula. Zaka zimenezo, chilimwe chikafika, fumbi lofiira linkachokera kumadzulo, kumene nkhalango zinatha kalekale, n'kukuta chigwa chonse cha Shire. Misewu inkakwiririka ndi mchenga. Ndege za magetsi zopanda woyendetsa, zomwe zinkanyamula mankhwala nyengo zina, zinkangokhala pansi chifukwa maso ake agalasi sankaona kanthu m'fumbimo. Zotsala zinali ndege zing'onozing'ono za anthu awiri, zoyendera mafuta a nzimbe. Koma injini imapuma monga munthu, ndipo fumbi likalowa mkati limaipera mpaka kuipha. Sefa yapepala yotchinga fumbi inkatsekeka pa ulendo umodzi wokha n'kutayidwa, ndipo zatsopano zinkachokera kunja, kufika mochedwa kapena osafika n'komwe.

Ndaziona anali woyendetsa ndege, komanso anaphunzira sayansi ya tizamoyo ting'onoting'ono. Analuka ukonde wa luzi la mlambe n'kumeretsapo mtundu wa bowa amene anamusintha yekha, woonda kuposa ulusi wa kangaude. Tiulusi ta bowayu tinkagwira fumbi n'kulola mpweya kudutsa, ndipo tikanyowa tinkamasuka n'kulavula fumbi lonse. Tikaduka tinkameranso. Sefa imeneyi anaitcha Mphuno.

"Sindikutsutsa kuti ikugwira ntchito, Mayi Khembo," anatero Sabola. "Koma ikang'ambika muli m'mwamba, zidutswa zake n'kulowa mu injini, mudzagwera pa nyumba ya yani? Bungwe loona za ndege silinaiyese. Mpaka tiiyese, ndege iyi siuluka."

"Mudzaiyesa liti?"

"Mvula ikagwa."

"Mvula ikagwa fumbi likhala litatha. Mudzaiyesera chiyani, matope?"

Sabola anagunda kachipangizo ka pamkono pake, ndipo kompyuta ya m'ndegemo inalankhula ndi mawu ake ofatsa: "Ndege yatsekedwa ndi Bungwe. Injini siyaka."

Asanamalize kukangana, foni ya Ndaziona inaitana. Anali Mayi Tchereni, namwino wamkulu pa chipatala chaching'ono cha kutsidya kwa Shire, kufupi ndi Makhanga. Mawu awo ankamveka pamodzi ndi kutsokomola kwa ana.

"Achemwali, makina athu opanga okosijeni atsamwa ndi fumbi, azima. Ndili ndi ana odzaza chipinda, onse a chifuwa cha fumbi. Awiri milomo yayamba kuda. Masilinda a okosijeni ali kwanuko. Bwato silingafike lisanalowe dzuwa, ndipo awa safika madzulo."

Ndaziona anayang'ana kum'mawa. Thambo linali lofiira ngati dothi la pachulu. Kenako anayang'ana shelefu ya sefa zapepala. Panalibe ngakhale imodzi.

"Mwamva nokha, Bambo Sabola. Tsegulani."

"Ndilibe mphamvu imeneyo. Ndiimbire ku likulu, akakumana..."

"Akakumana, tikhala tikukumba manda."

Ndaziona anabwezera Mphuno m'malo mwake n'kumanga. Anagubuduza masilinda a okosijeni n'kuwakweza kumbuyo kwa mipando. Kenako analowetsa dzanja pansi pa chiwongolero, nagwira chingwe chokhuthala cha kompyuta, n'kuchizula. Timagetsi tonse tinazima.

"Mukudziwa chimene mwachita?" Sabola anafuula. "Chiphaso chanu chathera pamenepa! Ndipo popanda kompyuta muiyatsa bwanji? Muona njira ndi chiyani?"

"Ndege zinayamba kuuluka kompyuta isanabadwe."

Anaika miyala kutsogolo kwa mateyala, napita kutsogolo kwa ndege, nagwira chopalasira mphepo ndi manja onse awiri n'kuchikokera pansi mwamphamvu. Injini inatsokomola n'kukhala chete. Anakokanso. Ulendo uno inabangula, mphepo yake n'kuulutsa chipewa cha Sabola.

Ndaziona atachotsa miyala n'kukwera, anapeza Sabola atakhala kale pa mpando winawo, akulimbana ndi lamba.

"Tsikani, bambo. Uwu si mlandu wanu."

"Mlandu umafuna mboni," anatero Sabola, nkhope ili gwa. "Ndikufuna ndikanene zimene ndaona ndi maso anga. Ikang'ambika, ndikufuna ndikhale pomwepo."

"Ndiye gwirani mpopi uwu. Ndikanena kuti popani, mupope."

Ananyamuka n'kulowa m'fumbi ngati munthu wolowa m'nyumba yofuka utsi. Dzuwa linasanduka kadontho kofiira, kenako linasowa. Mchenga unkalira pagalasi ngati mapira akuthiridwa m'lichero. Ndaziona anatsitsa ndege mpaka anaona madzi a Shire akung'anima pansi pake, ndipo anawatsata, mapiko akungotsala pang'ono kukhudza nsonga za migwalangwa.

Patapita kanthawi, kulira kwa injini kunasintha. Kunayamba kulemera, ngati munthu wokwera phiri atasenza thumba. Ndege inayamba kutsika yokha.

"Yang'ambika!" anatero Sabola.

"Sinang'ambike, yakhuta. Popani!"

Sabola anapopa. Kachubu kanawaza madzi pa Mphuno. Kwa kanthawi kochepa injini inakhala ngati yazima, ndipo Sabola anatchula dzina la mkazi wake. Kenako panamveka phu! Chimtambo cha matope ofiira chinatuluka pansi pa injini n'kuulukira kumbuyo, ndipo injini inabangulanso ndi mphamvu zake zonse. Ndege inakwera.

"Chachitika n'chiyani?"

"Yayetsemula. Pali kachitseko pansipo. Ikanyowa imakankhira fumbi kunja."

"Yayetsemula," Sabola anabwereza, akuyang'ana mpopi uli m'manja mwake. Anaseka kuseka kwa munthu wamantha, koma mpopiwo sanausiye. Anapopanso kawiri asanafike, osadikira kuuzidwa.

Anatera pa bwalo la mpira kuseri kwa chipatala. Abambo a ana odwala anathamanga n'kusenza masilinda. Mayi Tchereni sanapereke ndi moni womwe. Anangoti, "Kuno, kuno!" Ndaziona anaima pakhomo n'kuona kamtsikana kena kakuvekedwa chophimba kumaso, chifuwa chake chikukwera ndi kutsika ngati cha mbalame yogwidwa, kenako pang'onopang'ono n'kudekha. Ana onse aja anachira, ngakhale awiri aja.

Asanabwerere, Ndaziona anachotsa Mphuno n'kukaitsuka pa mjigo wa chipatala. Madziwo anawakhuthulira m'ngalande, monga ankachitira ku Bangula, kumene ankagwera pa simenti n'kuuma.

Sabola anakanena zonse ku likulu, osachotsa kapena kuwonjezera. Ananena kuti Mphuno inagwira ntchito, ananenanso kuti Ndaziona anazula kompyuta. Bungwe linamulanda chiphaso n'kumanga ndege yake ndi unyolo.

"Ndikanachitanso," anauza anthu amene ankabwera kudzamupepesa. "Mawa akandiimbira, ndidula unyolowo."

Chilimwe chimenecho chinatalika. Patapita milungu ingapo Mayi Tchereni anaimbanso, koma mawu awo anali ena.

"Achemwali, bwerani mudzaone chimene munatisiyira."

Ndaziona anawoloka pa bwato. Ali patali anaona chipatala chitayera ngati chapakidwa laimu. Atayandikira anaima chilili. Mawindo onse anali atakutidwa ndi ukonde woyera, wofewa, tiulusi take tikugwedezeka pamphepo. Bowa uja anali atachoka m'ngalande ya pamjigo, nakwera pa makatani athonje amene anamwino ankayanika pafupi, nafalikira m'mawindo ndi m'mipata ya pansi pa denga. Ndaziona ankakhulupirira kuti bowa wake sangakhale popanda luzi la mlambe. Sanamuyesepo pa thonje.

"Lowani," anatero Mayi Tchereni.

Mkatimo munali mpweya umene Ndaziona anali asanaupumepo chiyambire chilimwe, wozizira bwino, wopanda kukanda pakhosi. Pansi panalibe fumbi. Mabedi ambiri anali opanda munthu.

"Timangowaza madzi m'mawa, fumbi lonse n'kugwera kunja," anatero namwinoyo. "Amayi akumudzi akumabwera kudzadula tizidutswa, kukamata pa mawindo akwawo. Chifuwa chatha m'midzi itatu. Koma tiyeni kuseriku."

Kuseri kunali mosungira thonje la alimi, limene linali kudikira kuti misewu itseguke. Mabelo onse anali atatupa n'kuphulika, atasanduka chimulu chimodzi choyera chonunkha ngati nkhungu. Pambali pake panaima bambo wamtali wowonda, Bambo Fole, mlimi wa thonje.

"Ndinu mayi a ndege aja?" anafunsa. "Mwana wanga anali m'gulu la ana aja. Ali moyo, zikomo. Koma ili ndi thonje langa la chaka chonse. Bowayu wafikanso m'minda, pa mapesi otsala. Tsono mwanayo adya chiyani?"

Pa moyo wake wonse Ndaziona anali ndi yankho kwa aphunzitsi, kwa Bungwe, kwa aliyense. Kwa Bambo Fole analibe.

M'mawa mwake kunafika mabwato a boma, mutadzaza anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, atabereka mipopi ya mankhwala opha bowa. Wowatsogolera anali Sabola. Analamulidwa kupopera paliponse pamene bowayo anamera: m'minda, mosungira thonje, m'nyumba za anthu, ndi pachipatala pomwe.

Anapeza amayi ataima mozungulira chipatala, ana ali kumbuyo, misana itatsamira mawindo oyera aja. Mayi Tchereni anali pakhomo. Ndaziona anatuluka pakati pawo n'kukaima patsogolo pa Sabola.

"Poperani m'minda," anatero. "Poperani mosungira thonje. Ndikutsogolerani ndine, ndikudziwa kumene bowayu amabisala. Cholakwacho n'changa, ndipo ndikachinena pamaso pa aliyense. Koma mawindo awa simuwakhudza."

"Mayi Khembo, tikasiya pano ayambiranso."

"Ayambiranso, inde. Ndiye ndipatseni malo ogwirira ntchito ndimusinthe, asiye kudya thonje. Ndinamupanga ndine, ndimuweta ndine. Koma mukapha uyu lero, mawa muimbiridwa foni ija, ndipo ndege munaimanga."

"Ndiye mukukananso lamulo?"

"Ndikukananso."

Mmodzi wa ovala zoyera anakweza mpopi wake. Palibe mayi amene anasuntha. Pamenepo Bambo Fole anabwera pang'onopang'ono kuchokera kuseri, nadutsa pakati pa anthu a boma osawayang'ana, nakaima pafupi ndi mkazi wake, msana utatsamira windo.

"Thonje ndidzabzala lina," anatero. Sanayang'ane Ndaziona ponena zimenezi, ndipo nkhope yake sinafewe.

Sabola anayang'ana mzere wa anthuwo. Kenako anagwira mpopi wa mnzake uja n'kuutsitsa.

"Tiyambira kuminda," anatero. "Za pano ndikanena kuti ndalephera. Akufuna, abwere okha."

A ku likuluwo sanabwere. Ndaziona sanabwererenso ku Bangula. Anamupatsa kachipinda kuseri kwa chipatala, ndipo anakhala mmenemo zaka zambiri pakati pa mabotolo ndi tizidutswa ta nsalu, kufunafuna bowa wogwira fumbi koma wosadya thonje. Anamupeza, koma mochedwa. Bowa woyamba uja anali atayenda kale ndi mphepo mpaka ku Chikwawa. Alimi ambiri anasiya thonje n'kuyamba chitowe ndi mapira, ena akutukwana Ndaziona, ena akumudalitsa, nthawi zina anthu a nyumba imodzi. Mphuno inavomerezedwa, ndipo ndege zonse za m'chigwamo zinayamba kuuluka nayo, koma chiphaso cha Ndaziona sichinabwezedwe. Iye sanakachipemphe.

Ana obadwa pambuyo pake anakula akuganiza kuti mawindo onse padziko ndi oyera ndi ofewa, ndipo sankadziwa chimene chifuwa cha fumbi chinali. Sankadziwanso maonekedwe a munda wa thonje. Chinthu chamoyo ukachipatsa ntchito, sichifunsa kuti ntchitoyo ilekezera pati.