Dzanja la Agogo Chikumba

Jelmer anatuluka m'laibulale ya sukulu ya udokotala mlonda atayamba kale kuzimitsa magetsi. Panja anapeza tayala la njinga yake litaphwa, kamvula kozizira ka mu Novembala kakuwaza cham'mbali. Anatukwana chamumtima n'kuyamba kuikankha kulowera ku mlatho wa pa ngalande.

Mtima wake sunali m'malo. Mawa lake kunali mayeso: aliyense wa chaka choyamba agwire dzanja la mtembo wa pa tebulo lake, alitumbule, atchule mafupa ndi mitsempha mphunzitsi akuyang'ana. Wolephera ankabwereza chaka chonse. Koma Jelmer, wapakamwa uja woseketsa kalasi yonse, anali asanakhudzeko mtembo ngakhale ndi chala. Milungu isanu ndi umodzi mpeni ankagwira anzake, iye ntchito yake inali nthabwala basi.

Tsiku loyamba lija, a chaka chachiwiri anawapatsa pepala la malangizo. Idyani musanalowe m'chipinda cha mitembo. Mukamva chizungulire khalani pansi, palibe chamanyazi. Mtembo musaupatse dzina lachipongwe, ndi munthu amene anadzipereka yekha kuti muphunzirepo. Jelmer pepalalo anapinda kandege. Asanaweruke n'komwe, mtembo wa pa tebulo lawo, umene nkhope ndi manja zinali zokulunga m'nsalu, anali atautcha kale Agogo Chikumba chifukwa cha khungu lake louma. Anzake anaseka mpaka misozi. Palibe anadziwa kuti mwana wa eni ake anali ndi mantha okhaokha.

Masitolo anatha, nyali za mumsewu zinayamba kutalikirana. Mlathowo unali wakalekale, uja umanyamuka boti likamadutsa. Kanyumba ka woyang'anira mlatho kanatsekedwa zaka zapitazo, poti masiku ano zonse amayendetsa ndi makina. Tayala lophwa lija linkalira pa njerwa za msewu: phwa, phwa, phwa.

Ngiri-ngiri-ngiri! Belu la pa mlatho!

Mtengo wotchingira msewu unatsika patsogolo pake. Anayang'ana kumtunda kwa ngalande. Kunalibe boti. Kumunsi... madzi akuda okhaokha.

Kenako fungo. Ankalidziwa bwino fungolo. Mankhwala osungira mitembo. Ananunkhiza mkono wa jekete yake. Sanali iye.

"Wadya, mnyamata?"

Pakhomo pa kanyumba kotseka kaja panali pataima mkulu wina wa chikhoti chakuda ndi kapu. Mvula inkawaza ponseponse, koma chikhoti chake chinali gwa, chouma.

"Pepani, agogo... mwati?"

"Ndati wadya? Mumabwera ndi njala inu, kenako phii, pansi ngati thumba la mbatata. Wina anagwera pa mapazi anga." Mkuluyo anasendera pafupi. Mapazi ake sanamveke. "Kamtsikana ka magalasi ka pa tebulo lanu kaja kali ndi dzanja labwino, kungoti kamapupuluma. Iwe ndiye pakamwa pokha."

Jelmer anabwerera m'mbuyo. "Mumandidziwa?"

"Milungu isanu ndi umodzi ndakhala ndikukumvera. Nthabwala zina n'zabwino ndithu, ndikanatha ndikanaseka. Koma dzina lija ayi. Ine ndine Tammo."

Jelmer anafuna kuthawa. Mkuluyo anatulutsa dzanja lamanzere m'thumba n'kulitambasula.

"Gwira."

"Agogo, chonde..."

"Gwira, iwe! Sililuma!"

Anagwira. Kuzizira kwake! Chinali chidzanja cholemera, cha munthu wantchito, ndipo chala cha mphete chinali chodukira pakati.

"Chimenecho chinadyedwa ndi mlathowu ndikugwira ntchito pano. Yambira apa, pamene dzanja lakumana ndi mkono. Mpeni ugwire ngati cholembera. Ndipo usamapepese, ine sindimva kuwawa. Chimandiwawa n'kugona pamenepo pachabe. Werenga timafupato."

Jelmer anayamba kupapasa. Loyamba. Lachiwiri. Mayina amene ankamuthawa m'buku ankabwera okha pansi pa chala chake. Lachisanu ndi chiwiri... lachisanu ndi chitatu...

Belu linaliranso. Mtengo uja unakwera. Atayang'ana, m'manja mwake munalibe kanthu, ndipo pa chitseko cha kanyumba panali loko wadzimbiri. Njinga anaisiya pompo. Anathamanga osacheuka mpaka kuchipinda kwake, ndipo anachezera kukhala tsonga pa bedi, magetsi onse ali oyaka.

Kutacha anaganiza zosapitanso. Koma anadzikakamiza kudya buledi ndi tchizi, n'kutuluka.

M'chipinda cha mitembo, mayi Oosting, amene ankasamalira mitemboyo, anali kuyenda tebulo ndi tebulo kumasula nsalu za m'manja. Atafika pa tebulo la Jelmer anamasula lamanzere. Nsalu inagwa. Chala cha mphete chinali chodukira pakati.

Chipinda chinazungulira. Jelmer anakhala pansi pa simenti monga linanenera pepala lija, anzake akugwedezana zigongono. Anapuma katatu, anadzuka, n'kuligwira dzanjalo ndi manja ake onse awiri.

"Mwadzuka bwanji, bambo Tammo," ananong'ona. "Lero ndadya."

Mayi Oosting, amene anali atayamba kale kupita pa tebulo lina, anaima nji. Anatembenuka pang'onopang'ono, nkhope itachita kutuwa.

"Dzinalo walimva kuti, mwana iwe? Bambo amenewa anamwalira zaka zinayi zapitazo. Analibe wachibale ndi mmodzi yemwe, ndipo m'sukulu muno dzina lawo ndimalidziwa ine ndekha."

Misozi ya Jelmer inali kutsikira m'kansalu kake ka pakamwa. Anatola mpeni, anaugwira ngati cholembera, n'kuyambira pamene dzanja lakumana ndi mkono.