Belu la a Lameki

Izi ndinaziona ndekha, masana dzuwa lili paliwombo, ndipo a Sellah, alangizi a zaumoyo ku Simlemba, anali pomwepo. Mukhoza kukawafunsa.

Ndinali tenanti pamunda wa mayi Ezelina. M'chigafa mwawo munkalendewera belu lamkuwa limene bambo awo, malemu a Lameki, anabwera nalo kuchokera ku nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ija. Iwo ankathira malasha mu sitima yochotsa mabomba m'nyanja yamchere, cha ku Mombasa. Sitimayo itagunda bomba, anzawo ambiri anamira.

Tsikulo a Sellah anapeza mbiri ya sitimayo pafoni, n'kumatiwerengera ife tikusankha fodya. Munali madoko onse amene inafikako, mabomba amene inachotsa, ndi mayina a azungu. Dzina la a Lameki munalibe.

"Zaka zinayi akupsa ndi moto wa injini," anatero mayi Ezelina, "ndiye akuti kunalibe munthu?"

Belu linalira lokha. Kamodzi.

Kunja kunali bata. Njiwa zinaleka kulira. Fungo la fodya linatha, kunabwera la malasha onyowa. Pafumbi la mwezi wa Meyi panayamba kuoneka mapazi amadzi. Ambiri. Opanda nsapato. Ankalowera kumanda, kuseri kwa chigafa.

"Anzawo omira aja abwera kudzawatenga a Lameki," ananong'ona a Sellah.

Mayi Ezelina anadzuka n'kukaima pakati pa njira.

"Pano simudutsa! Bambo anga anakana kumira, agona m'dothi lakwawo. Ngati inunso azungu sanakulembeni m'buku lawo, nenani. Koma iwo musawakhudze."

Mapazi anaima pamaso pawo. Madzi anawafika mu akakolo. Sanasunthe.

"Mayi, thawani!" ndinatero.

"Tsitsa belulo, ubwere ndi msomali."

Ndinatsitsa belulo n'kuwapatsa pamodzi ndi msomali. Ali chiimire m'madzimo, anazokota dzina la bambo awo pamkuwapo, chilembo chimodzichimodzi. Atamaliza, pansi panauma. Panangotsala mchere mbuu.

M'mawa mwake tinapeza mayina ena asanu ndi awiri m'munsi mwa la a Lameki, ozokotedwa mozama kuposa pamene msomali ungafike. Ena achiswahili, ena achiyao. Mayi Ezelina anakana kuwafufuta, m'malo mwake anawawerenga mokweza ife tonse tikumva.

Lomaliza linali la agogo anga aamuna. Kwathu ku Mangochi timangoti anatchona ku Joni, ndipo kuno ku Kasungu dzinalo ndinali ndisanauzepo munthu.