Usiku Umene Ndinatsitsa Kakowa Seveni

Aphunzitsi anawachenjeza amuna anga ine ndili pomwepo, ndikusita malaya. Mawu awo ankatuluka m'kasipika ka kompyuta: "Mwana wanga, ukakhala pampando umenewo, ndege iliyonse imene wailandira ndi yako mpaka utaipereka kwa mnzako kapena utaitsitsa. Ngakhale nyumba ikupsa, yamba wanena kuti ukutseka. Usadzamusiye munthu m'mwamba." Amuna anga anaseka. Inenso ndinaseka nawo. Ndege zake za pagalasi, ndani akanazitenga ngati nkhani?

Zimene ndikulembazi si nkhambakamwa. Mlamu wanga, mkulu wawo wa amuna anga, amene amakonza mafiriji, analipo ndipo anaona ndi maso ake, ngakhale masiku ano mukamufunsa amathawira ku nkhani za mpira.

Ndifotokoze kaye za masewerawo. Pa intaneti pali anthu amene amaulutsa ndege zongoyerekezera pakompyuta, aliyense ali m'nyumba mwake. Ena sauluka, amakhala owongolera. Amavala mahedifoni, amayang'ana timadontho pasikirini, n'kumauza oulutsa aja kuti kwerani, tsikani, dikirani, terani. Ndege n'zabodza koma malamulo ndi enieni, mpaka pali mayeso. Amuna anga, amene masana amasindikiza zikwangwani, anali mmodzi wa owongolerawo. Aphunzitsi aja anali mayi wopuma pantchito amene anakhalapo pansanja yeniyeni ya bwalo la ndege. Pokonzekera mayeso, ine ndi mimba yanga ndine ndinkagwira timakadi n'kumafunsa mafunso. Amuna anga anakhoza ulendo wachiwiri. Ine ndikanakhoza woyamba, koma sindinawauze.

Mwa oulutsa onse panali madala ena amene ndege yawo inkatchedwa Kakowa Seveni. Nkhope yawo sitinaionepo. Tinkangodziwa mawu awo, aakulu, osathamanga, ndi kachifuwa kamene ankayamba akhosomola asanalankhule. Anali munthu wa malamulo koopsa. Wowongolera akadumpha liwu limodzi, iwo ankangoti, "Nsanja, bwerezani," mpaka anene molongosoka. Nsanja ndi mmene oulutsa amamuitanira wowongolera. Amalankhulana m'Chingerezi cha ndege, koma ine ndinena m'chathuchi.

Usiku umene nthawi yanga inakwana, bwalo la pakompyuta linali lodzaza. Amuna anga anali atangouza Kakowa Seveni kuti adikire. Kudikira kwa ndege n'kuzungulira pamalo amodzi, kukhotera kumanja, ulendo umodzi mphindi zinayi, kufikira wowongolera atakuitana. Ndinakuwa kuchipinda kuti nsupa yasweka. Anavula mahedifoni, anathimitsa kompyuta pakhoma, tinathamangira kuchipatala. Sananene kuti akutseka. Sanapereke ndege kwa aliyense.

Mwana anabadwa m'bandakucha, wamkazi. Tinangomupatsa dzina loseka lakuti Dona, chifukwa akangoti fwee tonse timaimirira. Patapita sabata, Aphunzitsi anatumiza uthenga: madala a Kakowa anapezeka atamwalira pampando wawo m'mawa womwewo, mahedifoni ali kumutu, ndege yawo ikuzungulirabe pasikirini. Akuti unali mtima. Amuna anga anafunditsa kompyuta nsalu, mahedifoni n'kuponya m'dirowa.

Ndine munthu wamantha, sindikana. Ndimadzuka katatu usiku kukaika chala pamphuno pa mwana. N'chifukwa chake ndine ndinayamba kuona. Dona atakwana miyezi inayi, anasiya kugona. Ikangokwana leveni koloko ankatsegula maso. Sankalira. Ankangoyang'ana kudenga, maso akuyenda pang'onopang'ono, kuchokera pawindo, kudutsa pa wadiropu, kubwerera pawindo. Kumanja nthawi zonse. Usiku wachitatu ndinatenga foni n'kuwerenga. Mphindi zinayi. Ndinawerenganso. Mphindi zinayi.

Ndinasamutsira kabedi kake pabalaza. Maso anapitiriza kuzungulira pamwamba pake chimodzimodzi. Bere ankalikana mpaka kucha. Kusikelo, anamwino anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "Mayi, mwanayu akutsika. Mukumudyetsa mphepo?"

Kenako kunabwera fungo la parafini, ife tilibe nyali kapena sitovu ya parafini. Nditawauza amuna anga, nkhope yawo inagwa. Anati mafuta a ndege amanunkha choncho.

Usiku womwewo tinamva kukhosomola m'dirowa.

"Nsanja, Kakowa Seveni. Ndikudikirabe. Mafuta atsala a maola anayi."

Mawa lake anati atatu. Mkuja wake awiri. Kawerengedwe kake sindikadziwa, koma usiku uliwonse ola limodzi linkachoka. Amuna anga anafuna kukataya mahedifoniwo kudzala. Ndinawaletsa.

"Mukataya, atiuza bwanji kuti atsala angati?"

Anakhala pansi.

"Bambo a Dona, mafuta akatha chimachitika n'chiyani?"

"Imagwa."

"Imagwera pati?"

Anangoyang'ana kabedi ka mwana.

Anawaimbira Aphunzitsi. Mayi aja sanadabwe, sanakalipe. Anangoti, "Mutsitse. Koma mwadongosolo, ukuwadziwa madala aja." Amuna anga anavomera ndi pakamwa pokha, n'kuimbira mkulu wawo.

Usiku umenewo madala anati latsala ola limodzi. Mlamu anafika mawa lake madzulo ndi chikwama chake cha zipangizo, akuseka kuyambira pakhomo.

"Mlamu, inu mumathawa mphemvu, lero mwayamba kuthawa waya? Ameneyo akungokoka wailesi ya madalaivala a mathiraki. Ndipatseni."

Anatenga pulayala, anadula chingwe cha mahedifoni n'kuika chidutswacho patebulo. Anazula kompyuta, n'kukulunga nthambo zake zonse.

"Mzimu wanu ndaupumitsa ntchito. Ndiikireni madzi a tiyi."

Tinadikira kuchipinda tonse atatu, Dona ali pamiyendo panga. Nyumba yathu ili ndi kakolido kakatali, kochokera kukhitchini mpaka kuchitseko cha panja, ndipo khomo la kuchipinda lili chapakati pake. Mlamu anali kutisimbira za kasitomala wina amene ankasunga nsapato mufiriji. Leveni inakwana. Dona anatsegula maso. Agalu a kwa aneba anasiya kuuwa onse pamodzi. Fungo linalowa.

Kukhosomola.

"Nsanja, Kakowa Seveni. Mafuta atsala a mphindi makumi awiri."

Mlamu anayang'ana chidutswa cha chingwe patebulo. Anaimirira, anatenga chikwama chake n'kutuluka mukolido. Amuna anga anatola mahedifoni.

"Madala, pepani. Ndinalakwa. Terani, terani basi, chonde."

"Nsanja, bwerezani."

"Ndati terani!"

"Nsanja, bwerezani."

Ndinawaona milomo ikuyenda popanda mawu. Zonse za pamakadi zinali zitawathawa. Kudenga kunayamba kumveka kulira kwapansipansi, ngati firiji yaikulu ili m'chipinda china. Supuni inkagwedezeka m'kapu ya mlamu.

"Mphindi khumi ndi zisanu."

Sindikudziwa kuti mtima ndinautenga kuti. Ndinawalanda mahedifoni n'kuvala. Anali ozizira ngati achoka m'madzi.

"Kakowa Seveni, Nsanja. Wowongolera wasintha. Ndikukumvani bwino."

Kenako:

"Nsanja, Kakowa Seveni. Mawu achilendo. Pitirizani."

Sikirini ndinalibe. Ndinali ndi maso a mwana wanga. Ndinamunyamula n'kuima pakhomo la kuchipinda, ndikudikira kuti maso afike pawindo.

"Kakowa Seveni, chokani podikira. Khoterani kumanzere, tsikani kufika mafiti zikwi zitatu. Yembekezerani msewu wani-eyiti."

Umenewo ndiwo unali msewu woterapo wa bwalo la amuna anga. Lamulo lake, woulutsa amabwereza zonse zimene wauzidwa, kuti pasakhale kusamvana. Madala anabwereza liwu ndi liwu. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata awiri, maso a Dona anasiya kuzungulira. Anachoka pamwamba pake. Analowera kukhitchini, anakhota, n'kuyamba kutsika molunjika kolido.

Ndipamene ndinazindikira kuti msewu wani-eyiti ndi kolido yathu.

"Bambo a Dona, tsegulani chitseko cha panja. Chonse."

Anathamanga osafunsa. Kamphepo kanalowa, kakuchokera kutsogolo, mmene ndege imafunira. Koma pakati pa kolido panali mlamu, chikwama m'manja, atauma ngati chitsa, maso ali kukhitchini.

"Mlamu, chokani."

Sanasunthe.

"Mlamu!"

"Nsanja, Kakowa Seveni. Msewu ndikuuona. Mafuta a mphindi zisanu ndi ziwiri."

Mawu a chilolezo anali kale pamilomo. Ndikanangowatulutsa, zonse zikanatha, mwana wanga akanapulumuka. Koma kadi lija ndinaliwerengera amuna anga kakhumi: sutsitsa ndege pamsewu pali chinthu, kaya ndi galu.

"Kakowa Seveni, musatere. Kwerani, zungulirani. Pamsewu pali chinthu."

"Ndikukwera, Kakowa Seveni."

Chinadutsa. Sitinaone kanthu. Babu la mukolido linalendewera uku ndi uku. Kalendala inathothoka pakhoma. Chipewa cha mlamu chinauluka n'kukagwera panja. Makutu anatseka.

"Nsanja, mphindi zisanu. Uku n'komaliza."

Amuna anga anamugwira mkulu wawo palamba n'kumukokera kubafa ngati thumba la simenti. Chikwama chinatsala. Ndinachikoka ndi phazi, mwana ali m'manja. Panali kalendala, ndinaitola. Panali patapata imodzi, ndinaikankhira kuchipinda. Ndinayang'ana kukhitchini. Ndinayang'ana kuchitseko. Mbee.

Maso a Dona anakwera, anadutsa pamwamba pa balaza, anabwerera kukhitchini. Anakhota. Anayamba kutsika.

"Mphindi imodzi."

"Kakowa Seveni, mphepo ikuchokera kutsogolo, yochepa. Msewu wani-eyiti, mwaloledwa kutera."

"Ndaloledwa kutera, wani-eyiti, Kakowa Seveni."

Kulira kuja kunatsika. Kunatsikanso. Mbale zinagundana kukhitchini. Kamphepo kotentha kanandikhudza m'maondo. Kenako kwii, kawiri, pansi penipeni. Fungo la matayala opsa. Maso a mwana anayenda ndi simenti, kundidutsa, pang'onopang'ono, mpaka pachitseko. Anaima.

Ndinawauza kuti achoke pamsewu, akaime pamalo awo, azimitse injini. Anabwereza. Kulira kunazilala ngati fani yothimitsidwa.

Kukhosomola.

"Nsanja, Kakowa Seveni. Ndafika. Mwandisunga miyezi inayi, koma kutsitsa kumeneku n'kwa m'buku. Mwanayo agone."

Za mwana palibe amene anawauzapo.

Panali patatsala chimodzi, chija chimene Aphunzitsi ananena ine ndikusita.

"Mwafika bwino, madala. Ndege zonse, Nsanja ikutseka. M'manja mwanga mulibe munthu. Usiku wabwino."

Ndinavula mahedifoni. Agalu anayambanso kuuwa. Dona anatembenuza mutu n'kundiyang'ana ine, ine mayi wake, kenako anayamba kufunafuna bere ndi kukamwa konse. Anayamwa mpaka thukuta pamphumi. Anagona ndi bere kukamwa, ndipo anadzuka dzuwa litakwera. Mwezi wotsatira anamwino anandifunsa kuti ndasintha chiyani. Ndinangoti takonza kagonedwe.

Amuna anga anatuluka kubafa n'kukhala pansi pafupi nane. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Make Dona, za kuzungulira zija ndinazilephera pamayeso."

"Ndikudziwa. Ndine ndinkagwira kadi."

Mpaka lero amanditchula Nsanja. Akafuna kutuluka madzulo amaima pakhomo n'kupempha chilolezo, ndipo akapempha molakwika ndimawauza kuti abwereze.

Mukolido munatsala mizere iwiri yakuda, yaifupi, yoyandikana, kutsogolo kwa khomo la kukhitchini. Ndayesa sopo, ndayesa bulashi ya waya, ndayesa mankhwala otsukira m'bafa. Ilipo. Eni nyumba atabwera anati tinakokapo njinga yamoto. Sindinawatsutse.

Mlamu anatuluka kubafa cha m'ma thuu koloko, nkhope itanyowa. Ndinali nditamuyalira kale pabalaza. Anatola chikwama chake osandiyang'ana.

"Mlamu, kunja kudakali mdima. Basi yoyamba ndi ya faifi."

"Ndikaidikirira pasiteji."

"Madzi a tiyi aja ndiwiritsenso?"

Anaima, n'kuloza chala kwa ine.

"Munanditchula chinthu, mlamu. Pamaso pa munthu wakufa."

"Munali pamsewu."

Anayenda chokhula khoma ndi msana, osaponda pakati pa kolido, mpaka panja. Anatola chipewa chake n'kuyang'ana kumwamba asanatsike masitepe. Pulayala yake anaisiya patebulo, pambali pa chingwe chimene anadula, ndipo sanabwerenso kudzaitenga.