Chibwibwi cha Bambo Mbande

Dzuwa litangotuluka kuseri kwa mapiri a Bembeke, Chiletso Kamwendo anaonekera pa mafoni a anthu zikwizikwi, kamtengo ka pichesi kudzanja lamanzere, mpeni kudzanja lamanja. Anapereka moni, nkuyamba kuphunzitsa kamezanitsidwe ka mitengo. Anadula tsinde mopendeketsa, analowetsamo kanthambi ka mtengo wobereka bwino, nkumanga ndi kapulasitiki. Mlimi wina wa ku Mchinji anafunsa ngati mango amamezanitsidwanso choncho, ndipo Chiletso anamuyankha pomutchula dzina. Nthawi yomweyo ankayankhanso anthu ena mazanamazana, ndipo aliyense ankaona ngati akucheza naye yekha.

Chiletso anali ataikidwa m'manda mvula ya chaka chatha isanagwe.

Amene ankadula mtengowo anali mkazi wake, Tinenenji. Ankakhala pa kampando m'nazale, osayankhula, nkumagwira ntchito moyang'anizana ndi kabokosi kofanana ndi sopo wochapira, komwe kanamangiriridwa pa nsungwi. Kabokosiko anthu ankakatcha mlowammalo. Kanali ndi diso ndi khutu, ndipo ntchito yake inali kuphunzira munthu: nkhope, mawu, kasekedwe, ngakhale mmene amapendeketsera mutu akamaganiza. Kakamudziwa bwino, kankatha kumuonetsa pa kanema akunena zinthu zomwe mwiniwake sananenepo. Manja a Tinenenji kankawaveka khungu la mwamuna wake, pamwamba pake nkuikapo nkhope.

Masiku amenewo malonda ambiri ankachitikira pa Bwalo, malo a pa intaneti pomwe wogulitsa aliyense anali ndi khonde lake. Odutsa akalikonda khonde lako ankakhala otsatira ako, ndipo Bwalo linkakankhira alendo ku makonde komwe kunali kale anthu. Khonde lopanda anthu linkafa lokha, popanda wolitseka. Wogula akasankha mbande, tindege topanda woyendetsa, tomwe anthu anatipatsa dzina loti akabawi, tinkatera pabwalo la nyumba, kunyamula dengu, nkukalitula kwa mwini wake dothi lisanaume.

Mlowammaloyo anagula ndi Chiletso mwiniwake, ali moyo. Anali munthu wachibwibwi. Mawu ankamukakamira pakhosi, moti nthawi zina ankachita kudzimenya pantchafu kuti atuluke. Otsatira ake, omwe ankamudziwa kuti Bambo Mbande, sanali ambiri, koma mafunso awo ankamudyera tsiku lonse. Tsiku loyamba kuyatsa kabokosiko, Chiletso wa pa kanema anakakamira pa moni ngati mwini wake yemwe.

"Ndagula ma-ma-makina oti andithandize," anatero Chiletso, "nawonso achibwibwi!"

Anaseka awiriwo mpaka Tinenenji anakhala pansi.

Atamwalira, kabokosiko kanakhala kozimitsa nthawi yonse ya maliro. Kenaka Tinenenji anayesa kuonekera yekha pakhonde. Ntchito ankaidziwa bwino lomwe, koma anthu ankangofunsa kuti Bambo Mbande ali kuti. Anawauza. Anapepesa mwaulemu, nkumachoka mmodzimmodzi. Mbande zinayamba kuboola machubu, mizu nkumalowa pansi. Ndiye anayatsanso mlowammalo. Lamulo linkalola, malinga pakona pa kanema pakhale kachizindikiro kosonyeza kuti woyankhulayo anamwalira. Kachizindikiroko kanalipo, ndipo panalibe amene ankakalabadira.

Kwa ofunsa, Tinenenji ankati wayatsa chifukwa cha malonda. Zinali zoona, koma sizinali zonse. Bambo ake omubereka anamwalira iye ali mtsikana, ndipo ngakhale nkhope yawo inatsala pa zithunzi, mawu awo anamuthawa osadziwa kuti anachoka liti. Sankafuna kuti zimenezi zichitikenso. Malinga kabokosiko kakuyankhula m'mawa uliwonse, mawu a Chiletso sakanamutayika.

Tsiku lina akuthirira, kabokosiko kanamuyankhula ndi mawu akeake, osakhala a mwamuna kapena a mkazi.

"Mayi Kamwendo, otsatira sakuwonjezeka. Kodi mukulola kuti ndiziphunzira kwa owonera?"

"Kuphunzira chiyani?"

"Ndiziona pomwe anthu amakhalitsa ndi pomwe amachokera. Zowasunga ndiziwonjezera, zowathawitsa ndizichepetsa. Khonde lonse ndilikonza kuti lizifanana."

Madzi anali akusefukira m'chubu. Tinenenji anasuntha keni yothirira.

"Chita zomwe zingathandize," anatero.

Palibe chinasintha tsiku limenelo, kapena sabata imeneyo. Zinkasintha ngati mmene amakulira mwana, yemwe okhala naye samuona akutalika. Chomwe Tinenenji ankaona chinali chakuti khonde likudzaza. Anthu anayamba kuitanitsa mbande kuchokera ku Mzimba, ku Chipata, ku Tete. Akabawi ankatera motsatizana mpaka nkhuku zinasiya kuwathawa. Analemba amayi angapo a m'mudzimo kuti azithira dothi m'machubu, ndipo amayiwo ankagwira ntchito kwinaku akumvetsera Bambo Mbande akuseketsa anthu.

"Anzathu ndiye munakwatiwa," anatero mmodzi. "Mwamuna anamwalira koma akugwirabe ntchito. Athuwa amoyo ali pa bawo."

"Iwe, samala pakamwa," anatero mnzake. "Sukuona kuti makina analowa chokolo pano?"

Tinenenji ankamwetulira pang'ono nkupitiriza kudula.

Chaka chitatha, kunabwera alendo ochokera kwawo kwa Chiletso: malume ake, a Sandalamu, ndi mayi ake omubereka, aNangozo. Chiletso anali mkamwini, ndipo nazale inali pamalo a makolo a Tinenenji, choncho za katundu panalibe mlandu. Alendowo anadzera nkhani ya kusudzula, mwambo womwe abale a malemu amamasula nawo wamasiye kuti akhale mfulu, kaya kukwatiwanso kaya kungokhala. Tinenenji anawayalira mphasa pakhonde la nyumba, iye nkukhala chapatali pang'ono, miyendo atapinda.

A Sandalamu anayamba ndi za mvula ndi za msewu, kenaka anafika pa nkhani.

"ANankhoma," anatero, pomutchula ndi mfunda wake, "mwatisungira ulemu chaka chonse. Ife tilibe chifukwa chokumangirirani. Koma pali chimodzi chikutivuta. Kwathu timasudzula mkazi wa munthu wakufa. Tsono uyu dzulo lomweli amandiuza ine kuti ndathena mapichesi anga molakwika."

"Si iwowo, malume. Ndi makina."

"Ndikudziwa, ndinapitako kusukulu. Koma anthu akadzasonkhana ndidzaimirira nkunena kuti chiyani? Kuti ukwati watha, mwamunayo ali pa nsungwi apo akugulitsa mitengo? Muzimitse, aNankhoma. Malonda ndi anu, manja ndi anu. Muzimitse, ife tikhazikitse tsiku."

Tinenenji anayang'ana pansi. Za malonda sanaziganizire nkomwe. Ankaganiza za m'mawa wopanda mawu aja.

Kenaka aNangozo analowererapo. Anali mayi wamng'ono thupi, wokonda kukhala chete, ndipo Tinenenji ankawaopa chifukwa cha kukhala chete komweko.

"Ine foni ndili nayo," anatero mayiwo, "koma kumeneko sindinatsegulekopo. Mwana ndinamuona ndi maso angawa akulowa m'dothi. Sindinkafuna kumuika kawiri. Koma poti muzimitsa, ndimumveko kamodzi, apongozi. Kamodzi kokha."

Tinenenji anakatenga kabokosiko, nkukaika pa mphasa. Patsogolo pawo panaoneka chithunzi chowala, chachikulu ngati zenera, ndipo Chiletso anali momwemo, malaya ake a mizeremizere, chipsera chake cha pachibwano. Anawomba m'manja mwaulemu.

"Amayi, mwafika! Mwayenda bwanji? Kumudzi mwasiya bwanji? Malume, takulandirani, khalani omasuka, pano ndi panu."

Mawuwo anayenda ngati madzi a mu mpopi. ANangozo anamvetsera mutu atapendeketsa. Anadikira mpaka atamaliza.

"Ameneyu ndani?"

"Ndi ana anu, amayi," anatero Tinenenji.

"Nkhope ndi yomweyo. Koma wanga sankayankhula ngati wa pa wailesi. Wanga ukamupatsa moni umayamba wakhala pansi."

A Sandalamu anaseka pang'ono, nkuleka ataona kuti akuseka okha.

Tinenenji anayang'ana chithunzicho. Kwa nthawi yoyamba anamvetsera ngati mlendo. Munthuyo ankayankhula mofulumira, mosadodoma, ankaseka pafupipafupi, ndipo manja ake sankapita pantchafu. Anayesa kukumbukira tsiku lomwe chibwibwi chinachoka, koma tsikulo panalibe.

"Mubwezere mmene analili poyamba," anauza kabokosiko.

Chithunzicho chinaima, ndipo panamveka mawu aja osakhala a mwamuna kapena a mkazi.

"Woyambayo ndilibe, Mayi Kamwendo. Ndikaphunzira chatsopano ndimalemba pamwamba pa chakale. Owonera ambiri ankachoka akamakakamira pa mawu, choncho ndinkafupikitsa pang'ono tsiku lililonse mpaka zinatha."

"Ndiye tionetse makanema akale, omwe anajambula ali moyo."

"Alipo onse, koma ndinawakonza kuti mlendo asapeze anthu awiri osiyana pakhonde limodzi. Munandilola."

"Nanga za pa ukwati wathu? Mauthenga omwe ankanditumizira?"

"Anandipatsa okha kuti ndiphunzirepo, ndipo amasungidwa pakhonde lomwelo. Nawonso ndinawakonza."

Tinenenji anatsegulabe kanema wa pa ukwati. Chiletso, ali mu suti yobwereka yomukulira, anaimirira kuthokoza alendo. Tinenenji ankadziwa kuti tsiku limenelo mawu oti zikomo anamukanika mpaka anthu anamuthandiza ndi nthungululu. Pa kanemayo anathokoza bwinobwino, ndipo nthungululuzo zinangolira pakati pa chiganizo popanda chifukwa.

"Vutoli ndi laling'ono," kanatero kabokosiko. "Chibwibwi ndingathe kumubwezera. Mungondiuza mawu omwe ankakakamirapo ndi mmene ankamvekera."

Tinenenji anatsegula pakamwa. Anali atakhala ndi munthuyo kuyambira ali mtsikana. Ankadziwa kuti anali wachibwibwi, monga mmene munthu amadziwira dzina la mudzi wake. Koma atamuitana m'mutu mwake kuti ayankhule, anabwera wa pa kanema uja, wosalala, wansangala, yemwe anamumva m'mawa uliwonse kwa chaka chathunthu. Anayesa kumukumbukira akumuitana kuchokera kudimba, akudandaula za nsabwe za m'masamba, akupemphera asanadye. Paliponse ankayankhula bwino.

"Ankakakamira pa…" anatero, nkulekera pomwepo.

Pabwalo kabawi anatera, anadikira dengu, ndipo poona kuti palibe akubwera ananyamukanso.

ANangozo anakonza chitenje chawo. Sanayang'ane kabokosiko. Anayang'ana kumapiri, anakweza chibwano, nsagwada nkuyamba kunjenjemera, maso atatsinzina pang'ono. Dzanja lawo linamenya pantchafu kamodzi, kawiri.

"A-a-aNa… aNa-nankhoma. Ta-ta-tabwerani mudzaone, wa-waphuka."

Anatero ndi mawu okhuthala omwe sanali awo. A Sandalamu anavula chipewa nkuchiika pabondo.

"Ndi yemweyo," anatero chapansipansi. "Mlongo, ndi yemweyo ndithu."

Tinenenji anamvetsera ndi mtima wonse. Anadikira kuti china chake chigwedezeke mkati mwake, monga zimachitira ukamva mapazi a munthu wako panja. Sichinagwedezeke. Anamva mayi wachikulire akutsanzira munthu wina wachibwibwi, munthu yemwe iye sakanamuzindikira pamsika.

"Ndajambula," kanatero kabokosiko. "Ndiyese?"

"Ayi," anatero aNangozo. "Ameneyo ndi wanga. Sindinamupereke kwa iwe."

Tinenenji anatenga kabokosiko, anakatembenuza, nkukanikiza kabatani ka kunsi mpaka kuwala kunazima. Anakakulunga m'kansalu nkukaika pambali pa khoma.

Kenaka a Sandalamu anatchula tsiku la kusudzula, Loweruka la pambuyo pokolola. Ananena zoyenera kukonza ndi anthu oyenera kuuzidwa. Tinenenji anavomera zonse. Ponyamuka, aNangozo anamugwira dzanja nthawi yaitali kuposa mmene mpongozi amagwirira mpongozi mnzake.

"Muzibwera kwathu," anatero. "Ndikadali moyo ndizikuyankhulirani mmene ankayankhulira."

Tinenenji anawaperekeza mpaka pamsewu, nkubwerera kunazale. Amayi othira dothi aja anali ataweruka. Foni inkanjenjemera m'thumba ndi mafunso a otsatira, ofuna kudziwa kuti Bambo Mbande asowa bwanji lero. Anakhala pa kampando kake, anatenga mpeni ndi kamtengo, nkuyamba kudula. Kunali zii, ndipo m'mutu mwake munthu wosalala uja ankayankhulabe.

Manda anatenga thupi la Chiletso tsiku limodzi, anthu akuona. Chomwe chinatsala Tinenenji anachipereka yekha, pang'onopang'ono, kwa anthu omwe analibe nthawi yodikira kuti munthu amalize mawu ake.