Mawu a Amayi Athawa

Tamanda anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakonda kulankhula. Ankalankhula podzuka. Ankalankhula pakudya. Ankalankhula ngakhale potsuka mano.

Tamanda ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuphunzitsa alendo ngati amayi ake.

Amayi ake anali a Eveles. Ankagwira ntchito kupaki ya nyama. Pakiyo inali kufupi ndi nyanja, ku Salima. Pachipata panali nyumba yofolera ndi udzu. M'nyumbamo munali zithunzi za nyama. Munali nthenga, nyanga ndi zigoba za nkhono. Amayi ankalandirira ana a sukulu m'menemo. Ankawaphunzitsa za nyama ndi mitengo. Ankatola mapulasitiki m'tchire. Ankachotsa misampha. Ankathirira mbande za mitengo.

Loweruka lililonse Tamanda ankapita nawo.

"Amayi, lero ndiphunzitse ndine?" ankafunsa.

"Ukadzakula," ankayankha amayi. "Lero mvetsera."

Koma kumvetsera kunali kovuta kwa Tamanda.

Loweruka lina m'mawa amayi anadzuka. Anatsegula pakamwa kuti apereke moni. Mawu sanatuluke. Anayesanso. Panangotuluka kamphepo.

Dzulo lake kunali chinkhoswe cha azakhali. Amayi anaimba kwambiri. Analuluta nthungululu masana onse. Tsopano mawu anali atathawa.

Abambo anali kupopa njinga pakhonde. Ankapita kuntchito yawo yophika ku Senga Bay.

"Amake Tamanda, mawu mwawasiya kuchinkhoswe," anatero abambo. "Ndikawatenge panjinga?"

Amayi sanaseke. Anakokera Tamanda pafupi. Anamunong'oneza m'khutu.

"Lero kukubwera ana a sukulu. Anzanga a pantchito apita kukakonza mpanda. Ndili ndekha."

Tamanda analumpha.

"Simuli nokha, amayi. Inu muzinong'oneza. Ine ndizinena."

Amayi anamuyang'ana. Anayang'ana abambo. Kenako anagwedeza mutu kuvomera.

Lole inafika pachipata cha paki. Ana makumi awiri anatsika. Anachokera ku Chinguluwe. Aphunzitsi awo anali a Lawson. Anavala tayi wofiira. Anavala nsapato zonyezimira.

Tamanda anakwera pachitsa.

"Takulandirani," anakuwa. "Ine ndine Tamanda. Awa ndi amayi anga. Mawu awo athawa. Lero mawu awo ndine."

"Zikomo," anatero aphunzitsi. "Koma tifulumire. Lole itinyamula dzuwa likafika paliwombo."

Kutsogolo kunali mtsikana wamng'ono kuposa onse. Dzina lake linali Chifundo. Ananyamula kope ndi pensulo.

"Kodi mbidzi tiziona?" anafunsa Chifundo. "Mkulu wanga wathyoka mwendo. Sanabwere. Ndamulonjeza chithunzi cha mbidzi."

"Tiziona," anatero Tamanda. "Ziliko zambiri. Tiyeni."

Anayenda. Amayi anali patsogolo. Tamanda anali pambali pawo. Tamanda ankalankhula. Ankalankhula za udzu. Ankalankhula za chulu. Ankalankhula za chinkhoswe cha azakhali.

Amayi anaima. Analoza patchire. Pamenepo panali nyama yonga nkhumba. Inali itagwada, ikudya mizu.

"Njiri," ananong'oneza amayi.

Tamanda sanamvetsere bwino. Pakamwa pake panali potsegula kale.

"Amayi akuti njira ndi iyo," anakuwa. "Tiyeni tonse."

Ana anakhamukira kutchire. Njiri inadzidzimuka. Inathawa, mchira uli m'mwamba.

Aphunzitsi anathamangira ana. Sanaone una wa njiri. Mwendo wawo unalowa mpaka m'bondo. Anakoka. Mwendo unatuluka. Nsapato inatsala.

Ana anaitulutsa ndi ndodo. Sinalinso yonyezimira.

"Aphunzitsi, ine ndaona mchira," anatero mwana wina.

"Ine ndaona dzenje," anatero aphunzitsi.

Anayendanso. Anafika pamtengo wa mlambe. Amayi anaima. Analoza kuseri kwa zitsamba. Kumeneko kunali nyama yaikulu. Inali ndi nyanga zopotana. Inali ndi mizere yoyera m'nthiti.

"Ngoma," ananong'oneza amayi.

Tamanda sanamvetserenso bwino.

"Amayi akuti ng'oma," anakuwa. "Ndani amadziwa kuimba ng'oma?"

Onse ankadziwa. Ena anamenya zigubu za madzi. Ena anaomba m'manja. Anyamata anayamba kuvina mganda. Phewa la aphunzitsi nalo linayamba kugwedera.

Amayi anakweza manja. Anawagwedeza kuti ana aleke. Ana anaganiza kuti amayi akuvina nawo. Anamenya zigubu kwambiri.

Ngoma inalumpha. Inapita.

Chifundo anayang'ana kope lake. Linali loyera mbee.

Anayendanso. Dzuwa linayamba kutentha. Amayi anaima kachitatu. Analoza pansi, m'masamba ouma.

"Kamba," ananong'oneza.

"Ndikambe?" anatero Tamanda. "Chabwino." Anatembenukira kwa ana. "Tsiku lina ine ndinaona nsato. Inali yaitali ngati lole yanu. Mwina ngati malole awiri."

Amayi anamukoka malaya. Analozanso pansi.

"Kamba," ananong'oneza.

"Oo, ndamva tsopano," anatero Tamanda. "Amayi akuti ndi nthawi ya kamba."

Ana anakondwa. Anali ndi njala. Anakhala pansi. Anamasula kamba wawo wa paulendo. Ena anali ndi mpunga. Ena anali ndi zitumbuwa. Ena anali ndi nthochi m'majumbo.

Aphunzitsi anafuna pokhala. Anaona mwala wobulungira m'masamba. Anayamba kukhala. Amayi anawagwira mkono msanga.

Mwala uja unatulutsa mutu. Unatulutsa miyendo inayi. Unayamba kuyenda pang'onopang'ono.

"Ndi kamba," anatero Chifundo.

Tamanda anagwira pakamwa.

M'mitengo munali apusi. Apusi anaona nthochi. Anaona zitumbuwa. Mmodzi anatsika. Awiri anatsika. Onse anatsika.

Pusi wina anatsomphola nthochi. Wina anatsomphola chitumbuwa. Wina anathawa ndi jumbo lonse. Ana anakuwa. Apusi anakwera m'mitengo. Anadya. Anataya majumbo pansi. Mphepo inawamwaza patchire.

Amayi sanakalipe. Analibe mawu okalipira. Anawerama. Anayamba kutola majumbo, limodzi limodzi.

Aphunzitsi anayang'ana wotchi yawo.

"Mayi, nthawi yatsala pang'ono," anatero. "Tachokera kutali. Taona mchira umodzi ndi kamba mmodzi. Mwina tibwerere kulole."

Chifundo anatseka kope lake. Misozi inagwera pachikuto.

Tamanda anaona misoziyo. Anaona amayi atawerama okha padzuwa. Anachita manyazi. Anatola jumbo limodzi. Anatola lina.

"Bwanji mukutola?" anafunsa mwana wina.

"Nyama ikameza jumbo imadwala," anatero Tamanda. Mawu ake anali aang'ono. "Chaka chatha mbawala ina inafa nalo. Amayi analira."

Ana anayang'anana. Anadzuka. Onse anayamba kutola. Aphunzitsi nawo anatola. Palibe jumbo linatsala.

Tamanda anakhala pamuzu wa mtengo. Anatseka pakamwa. Anangokhala chete.

Anamva mphepo m'masamba. Anamva njiwa ikulira. Kenako anamva mawu ena patali.

Kwa-ha. Kwa-ha. Kwa-ha.

Tamanda anawadziwa mawuwo. Anayang'ana amayi. Amayi nawo anali atawamva. Analoza kumunsi. Anawerama pakhutu la Tamanda.

Ulendo uno Tamanda anadikira. Anamvetsera mpaka amayi anamaliza. Anabwereza mawuwo m'khutu la amayi. Amayi anavomera ndi mutu.

Tamanda sanakuwe. Anapita kwa Chifundo. Anamunong'oneza.

"Mbidzi zili kudambo. Uza mnzako. Koma monong'ona."

Chifundo anapukuta misozi. Ananong'oneza mnzake. Mnzakeyo ananong'oneza wina. Winayo ananong'oneza wina. Aliyense anakhala chete kuti amve. Mawu anayenda, anayenda, mpaka anafika kwa aphunzitsi.

"Mbuzi zili ndi abambo," anawanong'oneza mwana womaliza.

Aphunzitsi anadabwa.

"Abambo ake a yani?" ananong'ona.

Ana anafuna kuseka. Tamanda anaika chala pamlomo. Ana anagwira pakamwa. Mapewa okha ndi amene ankaseka.

Anayenda pamzere umodzi. Anayenda monyang'ama. Palibe anakuwa. Palibe anamenya chigubu. Amayi akaima, onse ankaima. Amayi akawerama, onse ankawerama.

Anafika pachulu chachikulu. Anabisala kuseri kwake. Anasuzumira.

Mbidzi zinali pomwepo. Zinali zisanu ndi imodzi. Zinkamwa madzi padambo. Pakati pawo panali kamwana. Miyendo yake inali yaitali ngati ndodo. Kanayesa kuthamanga. Kanaterereka pamatope. Kanadzuka. Kanathamangira kwa mayi wake.

Chifundo anatsegula kope. Pensulo inayamba kuyenda.

Amayi ananong'oneza Tamanda. Tamanda anamvetsera bwino. Kenako ananong'oneza ana.

"Amayi akuti yang'anani mizere. Mbidzi iliyonse ili ndi mizere yakeyake. Palibe ziwiri zofanana. Kamwana kamaloweza mizere ya mayi wake kuti kasasochere."

Ana anayang'ana. Zinali zoona.

Pamenepo mphuno ya aphunzitsi inayamba kuyabwa. Anafuna kuyetsemula. Nkhope yawo inakwinyika. Ana makumi awiri anawayang'ana. Chifundo anali asanamalize miyendo.

Aphunzitsi anagwira tayi wawo wofiira. Anamukanikiza pamphuno. Anatseka maso. Anapirira. Anapirira. Misozi inatuluka.

Chifundo anajambula mwendo wachitatu. Anajambula wachinayi. Anajambula mchira.

"Ndamaliza," ananong'ona.

"Etsi!" anayetsemula aphunzitsi.

Mbidzi zonse zinadzutsa mitu. Zinatembenuka. Zinathamanga, fumbi lili koboo. Kamwana kanali pambuyo, kakuponya timiyendo. Ana onse anaona mbidzi zikuthamanga. Tsopano anaseka mokweza.

"Pepani," anatero aphunzitsi. "Ndinayesetsa."

Pachipata lole inali ikudikira. Amayi anapatsa mwana aliyense mbande ya mtengo. Tamanda ananena mawu awo.

"Amayi akuti mukabzale kusukulu. Muzikathirira m'mawa uliwonse."

Chifundo anaonetsa Tamanda chithunzi chake. Mbidziyo inali yonenepa ngati mvuu. Koma mizere inalipo yonse.

"Mkulu wanga akakondwa," anatero Chifundo.

Aphunzitsi anagwira amayi chanza ndi manja awiri.

"Mayi, tidzabweranso," anatero. "Koma ndidzavala nsapato zina."

Madzulo abambo anafika kunyumba. Anabweretsa mandimu ndi uchi. Anapangira amayi tiyi wotentha. Tamanda anawafotokozera zonse. Anafotokoza za njiri. Anafotokoza za ngoma. Pofika pa kamba, abambo anaseka mpaka anakhala pansi.

Amayi anamwa tiyi. Anamwanso. Anakhosomola pang'ono.

"Ta..." anatero. Mawu anatuluka. Anali osasa, koma anatuluka.

"Abambo, chete," anatero Tamanda. "Mawu abwera."

Anasendera pafupi. Anadikira.

"Tamanda," anatero amayi. "Wandithandiza, mwanangu. Zikomo."

Tamanda anamwetulira. Anadikiranso.

"Tsopano kasambe. Miyendoyo yatuwa."

Abambo anamunyamulira ndowa ya madzi ofunda. Tamanda analowa kubafa. Pangodya panali chule. Anali atangokhala, maso ali tong'o.

Tamanda ananjuta. Anatsitsa mawu.

"Takulandirani, achule," anatero. "Ine ndine Tamanda. Lero tiphunzira za mbidzi."

Kunja amayi ndi abambo ankamvetsera, akuseka chamumtima. Chule naye anamvetsera. Anamvetsera mpaka madzi anazizira.